Mmene ndinakonzera thanki yakale ya nsomba ndi kuipangira sitandi

Thankiyi ndinaigula kwa banja lina limene linkasamuka mu Lilongwe kubwerera kwawo, ndipo tsiku limene ndinapita kukaiona ndinaipeza ili kuseri kwa nyumba, itadzaza fumbi ndi masamba ouma a mango. Mulitali mwake ndi masentimita 180, mulifupi 60, kuya kwake 60, ndiye kuti ikadzaza mpaka kukamwa mumalowa madzi okwana malita 648. Si ya galasi ayi, koma ya acrylic, pulasitiki yolimba ndi yoonekera bwino imene ambiri amaidziwa ndi dzina la Perspex kapena Plexiglas, ndipo makoma ake ndi ochindikala mamilimita 15. Anzanga amene anandithandiza kuinyamula ankandimvera chisoni, chifukwa khoma lakutsogolo linali litachita mbuu ndi mizere yokandika. Ine mtima wanga unali m'malo, popeza acrylic ikakandika munthu amatha kuikwecha mpaka kuwalanso, pamene galasi likakandika ndiye kuti lakandika basi.

Cholinga changa chinali kuweta mbuna, tinsomba tokhala m'miyala ya m'Nyanja ya Malawi. Ndili mwana ndinkapita kwa agogo ku Chembe, mudzi wa m'mphepete mwa nyanjayi, kumene ndinkatha maola ambiri nditaweramira m'madzi kuyang'ana tinsomba tabuluu ndi tachikasu tikudya ndere pamiyala, ndipo ndinkafuna kuti ana anga azionanso zomwezo tsiku ndi tsiku, m'madzi oyera ndiponso kudzera pa khoma losabisa kanthu.

Ndisanakhudze zokandikazo, ndinayamba ndayang'ana molumikizira makoma. Thanki ya galasi amaimata ndi silicone, koma ya acrylic amailumikiza ndi mankhwala amene amasungunula pang'ono m'mphepete mwa makoma awiriwo kuti akauma akhale chinthu chimodzi. Polumikizana bwino pamaoneka poyera ngati madzi, pamene pofooka pamakhala potuwa kapena pa tithovu tambirimbiri. Ndinayenda ndi tochi usiku m'mbali zonse, pang'onopang'ono, ndipo ndinangopeza tithovu titatu pakona imodzi yapamwamba pamene madzi sakanikiza kwambiri. Ndikanapeza timing'alu tating'onoting'ono tolowa mkati mwa khoma, ntchito ikanathera pomwepo, chifukwa timeneto sitichoka ndi sandipepala.

Kutsuka sikunavute. Laimu amene anauma m'makoma ndinamufewetsa ndi viniga wosakaniza ndi madzi, n'kupukuta ndi kansalu kofewa. Mankhwala otsukira mawindo ndi sipiriti sindinayerekeze kuwagwiritsa ntchito, popeza ammonia ndi mowa zimene zili mmenemo ndi zomwe zimayambitsa timing'alu tija.

Kukwecha ndiko kunanditengera masabata atatu, madzulo aliwonse ndikaweruka kuntchito. Ndinagoneka thanki chafufumimba pa bulangete kuti khoma limene ndikukonza likhale pansi, ndipo ndinkalowetsa mutu ndi mkono pa zibowo za pachivundikiro chake, chimene ndi chomatidwa ku makoma ndipo sichichotsedwa chifukwa ndicho chimaletsa makomawo kufutukuka. Pamene chikhadabo chinkakola mumzere ndinayamba ndi sandipepala wa nambala 400, kenako 600, 800, 1000, 1500, 2000 mpaka 3000, ndikuthira madzi nthawi zonse. Sandipepala aliyense ntchito yake ndi kufufuta mizere imene wam'mbuyo wasiya, choncho ndinkakwecha mopingasa ndi wina, motsetsereka ndi wotsatira, kuti ndizitha kuona ngati mizere yakale yatha. Tsiku lina ndinafulumira kuchoka pa 600, ndipo nditafika pa 2000 mizere ija inaonekera bwino lomwe pansi pa kuwalako, moti ndinabwerera n'kuyambiranso. Chinanso chofunika kusamala ndi kusaumirira pamalo amodzi, chifukwa pamakumbika kadzenje kosaoneka ndi maso, kamene madzi akadzaza kamapotoza chilichonse chodutsa kuseri kwake. Ndi bwino kukwecha dera lalikulu mozungulira mzerewo.

Madzi otuluka pokwechapo amakhala oyera ngati mkaka, ndipo khoma lonse limayamba laipiratu kuposa mmene linalili, mpaka munthu kuyamba kukayika. Koma nditapaka polishi wa pulasitiki ndi kupukuta ndi makina oyenda pang'onopang'ono, osalola kuti pamalopo patenthe chifukwa acrylic imayamba kufewa ikayandikira madigiri 100, ndinaona ulusi wa bulangete lija uliwonse paokha kuseri kwa khomalo. Ndinaitana mayi a kunyumba kuti adzaone, ndipo iwo anatambasula dzanja kuti atsimikize ngati khomalo lilipodi.

Ngakhale kukwechako kunali kotopetsa, chimene chinkandisowetsa tulo ndi sitandi. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, ndiye tikaphatikiza madzi, miyala, mchenga ndi thanki yeniyeniyo tikufika pafupifupi makilogalamu 800, omwe ndi matumba 16 a chimanga a makilogalamu 50, onse atasanjikizana pamalo ongoposa pang'ono sikweya mita imodzi, usana ndi usiku kwa zaka zambiri. Ndinapita kwa kalipentala wina wachikulire amene anatipangirapo mipando, ndipo iye atamva miyeso anati: “Achimwene, tipange ngati tebulo, miyendo inayi yonenepa ndi felemu pamwamba, sizingagwe.” Ndinawayankha kuti: “Bambo, kugwa sindikuopa kwambiri, ndikuopa kupindika.” Thanki zambiri za galasi zimakhazikika pa felemu ya m'mphepete mokha, koma pansi pa thanki ya acrylic pamafunika kuchirikizidwa ponseponse, chifukwa pakatsala mpata pamayamba kulendewera pang'onopang'ono, ndipo mphamvu yonseyo imakathera molumikizira muja. Tinakhala pansi ndi pensulo ndi kachidutswa ka katoni, ndipo bamboyo atamvetsa anawonjezera nzeru zimene ine ndinalibe.

Tinagula matabwa a paini ouma bwino, tikusankha limodzilimodzi poyang'ana m'mphepete kuti tisatenge lokhota kapena la mfundo zambiri. Felemu yapamwamba tinaipanga ndi matabwa aja timati 2 by 6 oimika chammbali, ndi mitanda yopingasa pa masentimita 30 aliwonse, pamene yapansi ndi miyendo isanu ndi umodzi tinagwiritsa ntchito 2 by 4. Mfundo imene tinaigwiritsitsa ndi yakuti felemu yapamwamba ikhale pamutu penipeni pa miyendo, ndipo miyendoyo iime pa felemu yapansi, kuti katundu azitsika kuchoka pa thabwa kupita pa thabwa mpaka pa simenti. Masikuluwu ndi guluu ntchito yawo ndi kungogwira matabwawo kuti asasunthe, osati kusenza makilogalamu 800. Bamboyo ndiye anaumirira kuti kumbuyo ndi m'mbali tikhomeko plywood, ponena kuti chinthu cholemera chonchi sichithyoka miyendo koma chimapendekera kumbali ngati nkhokwe yakale, ndipo ananena zoona. Pamwamba tinayala plywood ya mamilimita 18, mitu ya masikuluwu tinailowetsa mkati, n'kupala mpaka lula yachitsulo itagona popanda kuwala kodutsa pansi pake. Pomaliza tinapaka vanishi katatu, kuphatikizapo kunsi kwa miyendo, poopa chinyezi ndi chiswe.

Pansi pa chipinda chochezera panapezeka kuti mpotsetsereka pang'ono. Levulo inasonyeza kusiyana kwa mamilimita 4 kuchoka kumanzere kufika kumanja, ndipo tinakonza polowetsa timatabwa topyapyala pansi pa sitandi, osati pakati pa sitandi ndi thanki.

Madzi ndinathira magawo atatu, tsiku lililonse gawo limodzi, nditayala manyuzipepala mozungulira kuti kadontho kalikonse kaonekere, ndipo nthawi iliyonse ndinkaikanso levulo ndi kuyenda ndi tochi molumikizira monse. Patatha sabata manyuzipepala aja anali ouma. Ndinakhuthula madziwo, ndinayala kaukonde kapulasitiki pansi kuti miyala isakande, kenako ndinasanja miyalayo ndisanathire mchenga, chifukwa mbuna zimakonda kukumba, ndipo mwala wokhala pamchenga zikaufukula pansi ukhoza kugwera pa khoma. Panopa fyuluta ikuyenda m'thanki yopanda nsomba kuti tizilombo tothandiza kuyeretsa madzi tiswane kaye, ndipo ndikuyeza madziwo kawiri pa sabata. Akakhala bwino, zoyamba kulowamo zidzakhala Labidochromis caeruleus, timbuna tachikasu ta mzere wakuda pa chipsepse chapamsana, ndipo mwana wanga wamng'ono wasankha kale phanga limene akuti tizidzagonamo.