Mmene ndinagawira penshoni yanga nditapuma pa ntchito

Kalata yopumira pa ntchito isanatuluke, ndinapempha sitetimenti ku kampani yosunga penshoni yathu. Lamulo limati bwana aziponya 10 peresenti ya malipiro ako, iwe 5 peresenti, koma kudulidwa pa malipiro n'kwina, kufika kwa ndalamayo ku thumba la penshoni n'kwinanso. Pa yanga panali miyezi ingapo yopanda kanthu, ndipo ndinapondaponda ku ofesi yoona za antchito mpaka anailipira. Zoterezi zimalondoleka udakali mkati. Ukachoka, ngakhale mlonda wa pageti amayamba kukufunsa kuti mukufuna ndani.

Mafomu sanandivute. Anafuna chiphaso cha unzika, kalata ya abwana, nambala ya akaunti ndi mayina a odzalandira ndalama ine ndikadzatsikira kuli chete.

Mutu unandizungulira posankha. Lamulo la penshoni la 2023 limalola kutenga theka la ndalama nthawi imodzi, pomwe kale inali 40 peresenti. Theka linalo limasanduka malipiro a mwezi ndi mwezi, ndipo njira zake n'ziwiri. Pa annuity umapereka ndalamayo ku kampani ya inshuwalansi ya moyo, monga NICO Life kapena Old Mutual, kuti izikulipira mpaka tsiku lako lomaliza, koma mulu wa ndalamawo si wakonso. Pa programmed withdrawal ndalama imakhalabe m'dzina lako n'kumapindula, iwe n'kumatapako. Ukafa, yotsala imapita kwa ana. Ukakhalitsa, ikhoza kutha iwe ukupumabe.

Kwathu anthu amakalamba kwambiri. Mayi anga anaona zidzukulutudzi. Choncho ndinatsamira ku annuity, koma ndinafunsa mnyamata amene ankandithandiza uja: "Achimwene, ndalama mwandiwerengerayi, chaka chamawa idzakhala yomweyi?"

"Mukasankha yosasintha, idzakhala yomweyo, bambo. Ilipo yokwera chaka ndi chaka, koma imayambira pansi."

Ndinatenga yokwerayo. Aliyense amene anali m'dziko muno pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako ndi 44 peresenti mu November 2023, akudziwa chifukwa chake. Wantchito akhoza kunyanyala ntchito kuti amuwonjezere malipiro. Wopuma anyanyalira ndani?

Theka lija litalowa mu akaunti, alangizi anachuluka. Alamu anga ankati minibasi, mphwanga ankati chigayo. Sindinyoza mabizinesi amenewa, koma amafuna miyendo ndi maso a mwini wake tsiku lililonse, ndipo ine sindinapume kuti ndizikathamangitsana ndi kondakitala m'bandakucha. Chimene ndinkafuna n'chakuti ndalama izibwera yokha, ndiziipeza msanga matenda akagwa, komanso isadyedwe ndi kukwera kwa mitengo. Malo amodzi ochita zonsezi sindinawapeze, ndiye ndinaigawa potengera nthawi imene ndidzaifune.

Ya matenda ndi maliro ndinaisiya mu akaunti yoti nditha kutapa tsiku lomwelo. Ngongole ya malata a nyumba ndinamaliziratu.

Gawo lalikulu ndinagula ma Treasury bill kudzera ku banki yanga. Uku n'kubwereketsa ndalama ku boma kwa masiku 91, 182 kapena 364, ndipo msika wake amayendetsa a Reserve Bank. Chiwongoladzanja chake chimaoneka chonona, koma amadulapo msonkho, ndipo mu 2024 chinkatsalira m'mbuyo pamene kukwera kwa mitengo kunapitirira 30 peresenti. Ndalama imachuluka papepala, matumba a chimanga amene ingagule akuchepa.

N'chifukwa chake ndinalowanso ku masheya, kumene kuli kugula kagawo ka umwini wa kampani, pa msika wa Malawi Stock Exchange. Sugula wekha, umadzera kwa bulokala, amene amakutsekulira akaunti yosungira masheyawo. Ndinasankha makampani amene ndimaona malonda awo ndi maso anga, banki, kampani ya mafoni ndi ya shuga, ndipo ndinayang'ana kaye ngati akhala akugawa phindu kwa eni masheya zaka zapitazi. Kumeneku ndinaika ndalama yokhayo imene sindidzaifuna posachedwa, chifukwa mitengo imatsikanso, ndipo tsiku lofuna kugulitsa wogula sapezeka nthawi zonse.

Ma Treasury bill aja sindinawagule tsiku limodzi. Ndinawasiyanitsa kuti ena azikhwima mu September, fizi ya mdzukulu ikamafunika, ena mu October, feteleza asanayambe kusowa m'mashopu.