Loweruka la nsambo yoduka

Ndikulemba izi 10 koloko usiku itadutsa kale. Nsonga za zala zikuwawa, mawondo nawo akudandaula, ndipo m'makutu mukulirabe mbale zachitsulo za ng'oma zimene mnyamata wathu anazimenya masana onse ngati zinamudyera ndalama.

Tsikuli linayamba ndi nsambo. Dzulo usiku ndikutchuna gitala, kansambo kopyapyala kapansi kaja kanangoti phwa, n'kundikwapula pachala. Ndiye m'mawa, ndisanamwe ndi tiyi yemwe, ndinakwera minibasi ya ku Limbe kukasaka kena. Madzulo ano achinyamata a pa parishi pathu tinali ndi ola lopembedza Yesu mu Ukaristia, ndipo ndine amene ndidadzichemerera pa msonkhano mwezi watha kuti ndibweretsa nyimbo zamakono, zoti anzathu amene adasiya kubwera kutchalitchi akazimva adzabwerera okha. Pakamwa panga ndi pamene pandigwetsa m'mavuto nthawi zambiri.

Mu minibasi ndinatseka makutu ndi mahedifoni, kondakitala n'kumangooneka kukamwa kuyasama. Mufoni mwanga muli kamulu ka nyimbo za Akatolika akunja oyimba ndi magitala amagetsi, ndipo ndimakasamala kuposa nsapato zanga za Lamulungu. Woyamba ndi Matt Maher, wobadwira ku Newfoundland m'dziko la Canada. Ndidamudziwira pa kanema wa msonkhano wa achinyamata a dziko lonse wa ku Rio de Janeiro mu 2013, pamene adayimba "Lord, I Need You" usiku pa gombe la Copacabana, Papa Francis ali pomwepo, khamu la anthu mamiliyoni lili duu. Kenaka pali Hakuna a ku Madrid m'dziko la Spain, gulu limene lidayamba ndi achinyamata amene wansembe wina, José Pedro Manglano, ankawakonzekeretsa ulendo wa ku Rio womwewo. Dzina lawolo limandiseketsa, chifukwa kwa anzathu a Chiswahili limatanthauza kuti palibe, pamene iwo amadzaza mabwalo akuluakulu a zoyimbayimba. Chisipanishi sindimva ngakhale liwu limodzi, koma ndimayimba nawo. Palinso Rosa de Saron a ku Campinas, Brazil, amene adayamba mu 1988 ndi phokoso loti mayi anga atalimva tsiku lina adandifunsa ngati foni yaonongeka.

Chimene chimandigwira mtima pa nyimbo zimenezi ndi kamangidwe kake. Imayamba ndi gitala imodzi kapena piyano, mawu a woyimba ali pansipansi ngati munthu amene akuulula machimo. Pang'ono ndi pang'ono besi imalowa, ng'oma n'kutsatira, kolasi n'kubwerezedwa mokwera mpaka tsitsi kuima. Ndiye mwadzidzidzi zonse zii, n'kutsala liwu lokha. Ukamamvera wekha, ngakhale uli wopanikizika pakati pa thumba la makala ndi mayi wonyamula nkhuku, umamva ngati pempherolo ndi lako.

Nsambo ndinaipeza, ngakhale anandikakamiza kugula zonse zisanu ndi imodzi. Za mtengo tisakambe.

Vuto lenileni linayamba masana, nditakhala pakhonde ndi kope kuti ndimalize kutembenuzira nyimbo imodzi m'Chichewa. Amene sanayesepo ntchito imeneyi asaiderere. Mawu ambiri a Chingerezi ndi afupiafupi, liwu limodzi kugunda kumodzi. Pamene iwo amatchula Mwini zonse ndi kugunda kumodzi, ife tili ndi A-mbu-ye, katatu. Pamene iwo amatchula mphatso ija ya Mulungu kamodzi n'kumaliza, ife Akatolika timati cha-u-le-re, kanayi. Ndiye mzere umene iwo amauyenda mosadukiza, ife timauthamanga ngati wowerenga zidziwitso za maliro pa wailesi. Chinanso, Chichewa chimatsamira pa mbali yachiwiri kuchokera kumapeto kwa liwu, pomwe nyimbo zawozi zimakonda kukoka kumapeto kwenikweni. Zotsatira zake ndi "Ambuyeee" womveka ngati ukuitana munthu amene ali kutsidya kwa mtsinje. Ndinafufuta mpaka pepala kubooka. Potsiriza ndinataya theka la mawu, n'kusiya ochepa oti mpweya ukwane.

Pofika 2 koloko tinali m'tchalitchi tikuyeserera: ine pa gitala, mtsikana wathu wa mawu okoma uja pa maikolofoni, wina pa kiyibodi, ndi mng'ono wathu wa ng'oma amene sadziwa kusiyana kwa tchalitchi ndi bwalo la mpira. A Katekisiti anali kumbuyo, akukhoma benchi yogwedera. Tili pakati pa kolasi ndinaona hamala yaima. Anabwera pang'onopang'ono, manja kumbuyo, n'kudikira mpaka titamaliza.

"Mwanawe, zimenezi ndiye za madzulo ano?"

Ndinati inde bambo, mtima uli kale m'malo omenyera nkhondo. Ndinali nditakonzeka. Ndinawauza kuti ng'oma zachizungu m'manja mwa Akatolika si zachilendo, kuti pa Khirisimasi ya 1966 ku Loppiano m'dziko la Italy, mayi Chiara Lubich wa gulu la Focolare adapatsa anyamata ng'oma zofiira, atsikana zobiriwira, ndipo mpamene padachokera magulu a Gen Rosso ndi Gen Verde amene akuyimbabe mpaka lero.

Anandiyang'ana ngati mwana amene akuphunzitsa agogo ake kusenda chinangwa.

"Iwe, usandiuze za ku Italy. Ine Alleluya Band ndidaivina usadabadwe. Fumbi linkachita kobo ku Balaka, Paul Banda ali pa gitala."

Apa ndinagwa mphwayi, chifukwa ananena zoona. Ife timathamangira za kunja n'kuiwala kuti kuno kwathu gitala yamagetsi idakulira pa parishi. Alleluya Band idayamba mu 1978 ku Balaka pansi pa Bambo Mario Pacifici a chipani cha Montfort, ndipo mudatuluka oyimba ambiri, kuphatikizapo malemu Lucius Banda amene adatisiya mu 2024. Kayimbidwe konse kamene timangoti ka ku Balaka mizu yake ili pamenepo.

"Gitala sindidana nayo," anapitiriza. "Funso langa ndi limodzi. Nyimbo yakoyi, amayi ako akhoza kuyimba nawo? Kapena tibwere tidzakuonereni?"

Sindinayankhe. Mwamwayi Abambo achiwiri a pa parishi, amene amayang'anira achinyamata, analowa nthawi yomweyo, ndipo mlandu unapita kwa iwo. Iwo sakonda kugamula mothamanga. Anatikumbutsa kuti chikalata cha zachipembedzo cha Msonkhano Wachiwiri wa ku Vatican, cha mu 1963, chidalemekeza limba lija la mipope, koma chidalolanso zoyimbira zina ngati aepiskopi avomera ndiponso ngati zikuthandiza anthu kupemphera. Chikalata chomwecho, anatero, chidati kayimbidwe ka eni dziko kapatsidwe malo ake, n'chifukwa chake ng'oma ndi maseche zili m'Misa yathu lero, ndipo chidatinso pakhale nthawi yokhala chete. Atatero anayang'ana mnyamata wa ng'oma. Chigamulo chinali chakuti pa Misa nyimbozi ziyambe zadikira, pa ola la madzulo tiyimbe ziwiri osati zisanu zimene ndinakonza, ndipo timitengo ta ng'oma tikhale m'chikwama, agwiritse manja pa ng'oma yachikopa. Mnyamatayo nkhope inagwa ngati amulanda mbale ya nsima.

Madzulo anthu anabwera ochuluka kuposa mmene ndinkaganizira, achinyamata kutsogolo, amayi angapo a m'miphakati kumbuyo ndi makorona awo. Makandulo anayatsidwa, fungo la lubani linadzaza, Abambo anaika Sakramenti Loyera paguwa m'chotengera chija chooneka ngati dzuwa. Ife tinaima chakumbali, pamalo pa kwaya.

Nyimbo yoyamba inayenda bwino, kunena za manotsi. Mtsikana uja anayimba mokoma zedi. Koma nditadzutsa maso pa ndime yachiwiri, ndinaona chimene a Katekisiti ankanena. Makosi onse anali atapotokera kwa ife. Mnyamata wina anali atakweza foni akutijambula, guwa lili mbali inayo. Pa kolasi achinyamata analowa, koma ndime zinali za munthu mmodzi, chifukwa zimakwera ndi kutsika motsata mpweya wa woyimba, ndipo gulu silingadziwe pamene ati apumire. Amayi akumbuyo aja milomo inkagwedera, koma inali Tikuoneni Maria.

Ndili chiimire choncho ndinakumbukira kanema wa ku Copacabana uja. Ndamuonera kosawerengeka, ndikuyang'anitsitsa zala za Maher kuti ndibe makodi, ndiko kuti kapanidwe ka nsambo, koma chimodzi sindinachiikepo mtima: munthuyo sadayimbe ataima. Adagwada, gitala ili pachifuwa, pamaso pa Sakramenti. Ndiye pa nyimbo yachiwiri ndinanong'oneza anzanga kuti tigwade, titembenukire kuguwa. Ndikuuzeni, kuyimba gitala utagwada pa simenti si masewera. Lamba anali wautali, thako la gitala linkagunda pansi, kodi ya F inangomveka ngati chitseko cha dzimbiri. Mtsikana uja anatsitsa mawu chifukwa maikolofoni inatsala m'mwamba. Foni ija sindikudziwa ngati inatsika, poti ndinali nditaipatsa msana, koma kumbuyo kwanga mawu oyimba kolasi anachuluka.

Titamaliza panali bata lalitali, loti ine wa gitala limandiyabwa m'zala. Kunja agalu ankauwa, kandulo imodzi inkathetheka. Kenaka, popanda wowauza, a Katekisiti anayambitsa nyimbo yakale ya Ukaristia imene tonse tidayamwira, ndipo tchalitchi chonse chinanyamuka nayo, amayi aja akuika mawu awo apamwamba, anyamata besi yapakhosi. Ndinayesa kuwatsata ndi gitala, koma mkuluyo anaiyambira penapake pakati pa F ndi F sharp, pamalo pamene gitala yanga ilibe. Ndinaigoneka pa benchi.

Ndisaname, zinandiwawa pang'ono. Sabata zitatu zoyeserera, ndalama ya nsambo, pepala lobooka, n'kupezeka kuti chimene anthu azikakamba mawa ndi nyimbo yoyambitsidwa ndi munthu wopanda ndi maikolofoni yomwe. Komabe nyimbo zangazo sindizitaya. Lolemba ndikamapita kuntchito zidzakhala m'makutu, ndipo ya kolasi yosavuta ija ndikufuna tidzaiyesenso mwezi wamawa, ndime titazidula kuti zikhale zoyankhizana, mmodzi kutsogolera onse n'kuvomera, monga timayimbira kuyambira kale. Lamba wa gitala ndimufupikitsa.

Potuluka, ndikukulunga mawaya, ndinamva dzanja paphewa. A Katekisiti. Ndinaganiza kuti abwera kudzamaliza mlandu. Anatulutsa kafoni kawo kamabatani, kogwiridwa ndi labala kuti batire lisagwe.

"Ija munkaimvera pa sipika musanayambe kuyeserera, ya anyamata a ku Spain ija. Undiikiremo muno. Ndizikamvera kudimba."

Kafoniko kalibe memori khadi. Ndawalonjeza kuti ndiwapatsa yanga yakale mawa ikatha Misa yoyamba, ndiye ndiyambe kuisaka m'madirowa muno ndisanagone.