Kani pampu imayamwa mpweya

Abale lero ndigona tulo. Masabata atatu jenereta ya m'boti lomwe ndikuphunzirirapo ntchito kuno ku Monkey Bay yakhala ikundizunguza mutu. Ukailiza imalira bwinobwino, madzi a m'nyanja amene pampu imakoka kuti aziziritse injini kutuluka ku ekizozi modukizadukiza ngati ikulavula, kenako zii, geji ya kutentha kukwera, yokha n'kuzima. Za kutsegula valavu yolowetsa madzi ya pansi pa boti ndi kutsuka sefa sindinena, mukuzidziwa nonse. Ndinachotsamo ndere ndi mchenga umene mwera wavundula koma osasintha. Impela, kagudumu ka mapiko kamene kamazungulira m'kati mwa pampu, ndinasintha kawiri, yachiwiriyo inatuluka itapsa mapiko awiri atathothoka, ndinachita kukawatola pakhomo pa heat exchanger, chipangizo chimene madzi a m'nyanja amadutsamo n'kuchotsa kutentha kwa injini.

Chimene sichimalowa m'mutu mwanga ndi ichi, kuchokera pa valavu kukafika pa pampu madzi sakankhidwa ayi, amayamwidwa. Ndiye mbali imeneyo pakakhala kampata sipadontha madzi, pamalowa mpweya. Ine masiku onsewa ndimasaka podontha ndi tochi, kupapasa mapaipi, paliponse pouma, n'kumati kuno kuli bwino. Kani kuumako sikumatanthauza kanthu! Sefa yathu inamangidwa pamwamba pa mlingo wa nyanja ndiye olo injini izime sipangatuluke dontho. Amene munapopako petulo ndi paipi yong'aluka mukudziwa, umayamwa mpaka masaya kuwawa koma kumabwera mphepo yokhayokha. Pampu nayonso imavutika chimodzimodzi, ndipo impela ija ndi ya mphira, madzi omwewo ndi amene amaiziziritsa, ikazungulira pouma imapsa posachedwa. Ndimaotcha ma impela ndekha osadziwa.

Chinandipulumutsa ndi ndowa. Bambo wina wachikulire amene amakonza ma injini a asodzi anangoti mwana wanga zula paipi ku sefa uiviike mu ndowa ya madzi, uilize. Ndowa inatha ndikuona, ekizozi ikuthira madzi bwinobwino. Basi pomwepo ndinadziwa kuti pampu ilibe mlandu, vuto lili kumbuyo. Kutsegula chivindikiro cha sefa, O-ring, kamphira kozungulira kamene kamatseka mpata pa chivindikirocho, itaphwatalala, yolimba gwa. Kusintha, kupaka tigirisi, kumanganso makalampu, yatha. Ine ndiye ndowa ndaikhulupirira, jenereta iliyonse yotentha ndiziyamba ndi ndowa ndisanagwire sipanala, ndipo ndikuona ngati palibe vuto la madzi limene ingalephere kulilozera.

Chikundiwawa n'choti m'kalasi tinataya masiku ambiri pa za mchere kudya zitsulo, pamene nyanja yathuyi ilibe mchere, zathu ndi mchenga, ndere, mapepala apulasitiki, ndi namasupuni ukatsikira ku Shire. Aphunzitsi amangojambula mivi pabolodi, madzi alowa apa atuluka apa, lembani. Sananenepo kuti mbali ina imayamwa ina imakankha. Ukafunsa akuti nthawi yatha tidzaona pa practical, practical yake n'kukhala anthu khumi pa injini imodzi. Kuboti nakonso alendo akudikira kupita ku Cape Maclear, palibe amene angakupatse tsiku loti umasule mofatsa.

Komabe dzulo pobwerera mafunde atakula ndinaona madzi a ku ekizozi akuchepanso pang'ono, titaima n'kubwerera mwakale. Mwina pansi pa boti pamalowa thovu tikamathamanga, mwina mu heat exchanger mwatsalira kachidutswa ka impela. Ndowa pamenepa sindikudziwa ndiigwiritsa bwanji boti likuyenda...