Za kabudula uja ku Fukuoka, ndifotokoze ndekha

Inde, kabudula amene namondwe anakamukoleka pa mtengo wa aneba kuno ku Fukuoka, ku Japan, anali wanga, wamkati, wofiira, musavutike kufunsana ku inbox. Koma inu amene mukufalitsa nkhaniyi bwanji simukutchula za tsuyu, nyengo ya mvula ya kuno? Kuyambira kumayambiriro kwa June mpaka chapakati pa July kuno ndi mvumbi wokhawokha, zovala ukayanika m'nyumba zimangonunkha chinyezi osauma, nsapato kuchita chuku, kenako August akubwera ndi chitungu chake thukuta kamukamu usiku ndi usana. Ndiye munthu wozunzika chonchi, September m'mawa ndamva kamphepo kakuomba bwinobwino, ndinangoti lero lokha ziuma basi.

Foni inalira kuchenjeza za namondwe, sindikukana. Pa TV anaonetsa mapu a Kyushu, chilumba chomwe tili kuno, ndi chinthu chozungulira chikubwera, masitima analengezeratu dzulo lake kuti sayenda, ku konbini, timashopu ta kuno, buledi anali atatha, aneba ali kalikiliki kulowetsa m'nyumba miphika ya maluwa ndi ndodo zija amayanikapo zovala pakhonde. Ine ndimati ndi ukhondo wawo wa masiku onse uja. Komanso namondwe kuno amangomutchula ndi nambala, taifu nambala yakuti, ndiye munthu ungaope bwanji chinthu cha nambala ngati minibasi?

Ndinayanika zonse, mapegi awiriawiri, mwaulemu wake.

Kutacha kumwamba kuli mbee, pakhonde pangotsala mapegi. Ndikuponya maso kutsidya, uyo, pansonga penipeni pa mtengo wa zipatso za kaki wa agogo oyandikana nafe, ali petupetu, mphepo itamufufumitsa mpaka kukula kuposa mwini wake. Ana a sukulu ndi tizipewa tawo tachikasu akufika, kuima, kuloza, kuitana anzawo. Ine kudutsa nkhope ili gwa, munthu wophunzira, wosadziwa chilichonse.

Madzulo ndikumva belu. Agogo aja, kathumba kapepala kokongola atagwira ndi manja awiri. Ndikusuzumira mkati, aise. Wochapidwa. Wositidwa. Wopindidwa makona anayi ndendende. Ndipo kabowo kaja kakumbuyo, kamene ine ndi iye tinagwirizana kalekale kuti sitidzakakamba, atakasoka ndi ulusi wofiira wofanana. Ndiye kuti mayi wamkulu ngati ameneyu anavala magalasi, kukhala pansi, kumutembenuza uku ndi uku, kufufuza ulusi woyenera. Anawerama, ine kuwerama, iwo kuweramanso, ine kupitirira apo mpaka msana kulira, sumimasen uku sumimasen uko, pepani wa kuno ameneyo, ndipo opepesa kwambiri anali iwowo ngati kuti mtengo wawo ndi umene unalakwa.

Ena mukufunsa kuti anadziwa bwanji kuti ndi wanga. Mdadada onse amene anayanika tsiku limenelo ndinali ndekha, ndiye panalibe za uneneri apa. Ndinakawasiyira bokosi la makeke mawa lake, tinaweramanso. Masokosi ndi malaya awiri sanapezekebe, amene ali cha ku Korea atayang'anako.