Lachisanu losesa, ndi mkangano wa pachiwaya

Lero ndi Lachisanu lachiwiri la mwezi, tsiku limene boma linakhazikitsa mu Novembala 2020 kuti dziko lonse lizisesa. Miyezi ina timangolimvera pa wailesi, koma lero a komiti ya msika sanatipatse mpata, poti chizimalupsa chagwa kale ndipo ngalande zatsekeka. Matumba anga a kachewere ndinangowaphimba, n'kutenga fosholo, nkhungu isanachoke paphiri la Dedza.

Kusesa sikutivuta. Pofika 9 koloko amayi a tomato ndi a kabichi anali ataunjika kale milu, ife abambo tikuvuula zam'ngalande. Munthu ukamafosholera ndi pamene umaona chimene chili mumulu wa pamsika: masamba a kabichi, makoko a kachewere ochokera kuziwaya, tomato wophwanyika, zitsononkho. Zonsezi n'zowola. Majumbo ndi mabotolo salemera n'komwe, komatu ndiwo amatseka madzi. Majumbo opyapyala aja analetsedwa mu 2015, khothi la apilo n'kuvomereza chiletsocho mu 2019, koma tchipisi tikudyerabe momwemo.

Kenako tinayamba kudikira. Dzuwa linakwera, ntchentche zinabwera, mbuzi nazo zinayamba kumwaza zomwe tinaunjika. Thirakitala yodzatenga zinyalala inatulukira nthawi ya nkhomaliro itadutsa, ikufuka utsi wakuda, thirela ikupendekera mbali imodzi. Adalaivala, bambo achikulire aulemu wawo, anapepesa kuti batire inakana m'mawa, anachita kupempha anyamata kuti awakankhe pamtsetse. Injini sanaizimitse nthawi yonse imene timalonga, poopa kuti siidzukanso. Dizilo amene anapsa itangoimayo ndinamumvera chisoni.

Mkangano unayambira pachiwaya titamaliza kulonga ulendo woyamba. Mnyamata wina wa kabaza anatulutsa foni n'kutionetsa lole yofinya zinyalala, ngati zimene timaziona ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Akuti akhansala athu akalimbikire imeneyo basi, nafenso tioneke ngati tauni.

Alamu anga ndi makaniko, galaja yawo ili chakuseri kwa msika. Anayang'ana chithunzicho kwa kanthawi, n'kubweza foni.

"Achimwene, imeneyi ikafa mudzaikonzera kuti?"

"Yatsopano ifa bwanji, bambo?"

"Iyi mukuisekayi inabweranso yatsopano."

Atatero anafotokoza bwinobwino. Chimene chimafinya zinyalala m'lole zoterozo ndi chitsulo chokankhidwa ndi oyilo wodutsa m'mapaipi. Paipi imodzi ikaphulika, kapena pampu ikatha, lole yonse yaima, ngakhale injini ili bwino. Zambiri za masiku ano zili ndi kompyuta m'kati, ndipo popanda makina oiwerengera sungadziwe chomwe chavuta. Sipeya yake uchite kuitanitsa kunja, ndalama zakunjazo n'zosowa, ndipo chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 chitsulo chilichonse chochokera kunja chinakwera mutu. Chinanso, lole yofinya inapangidwira makatoni ndi zitini, zinthu zodzaza malo koma zopepuka. Kabichi wowola wosakanikirana ndi dothi ufinyapo chiyani? Ungotulutsa madzi onunkha amene amadya chitsulo. Nanga tinjira ta m'makomboni mwathu, mvula ikagwa dothi lofiira lija litaterera, lole yolemera choncho ikwera?

Thirakitala, iwo akuti, makaniko aliyense kuyambira ku Linthipe mpaka ku Lizulu anaigwirapo. Thirela akhoza kuiwotcherera pompano. Mutagula thirakitala imodzi yatsopano ndi mathirela angapo, ina muisiye kumsika, ina kudepoti, anthu azitayiramo okha. Thirakitala izingobwera kudzakoka yodzaza n'kusiya yopanda kanthu.

Ine ndili mbali ya alamu, ngakhale sindikumuda mnyamata uja, chifukwa tonse timalipira tikiti ya pamsika tsiku ndi tsiku ndipo timafuna kuona chooneka. Chimene ndinawonjezera n'chakuti galimoto sigulidwa kamodzi. Imagulidwanso mwezi uliwonse pa dizilo, oyilo, matayala ndi malipiro a oiyendetsa ndi olonga. Makhansala akamakambirana bajeti, ndalama ya zimenezi izilembedwa papepala lomwelo limene alembapo mtengo wa galimotoyo. Kupanda apo zidzakhala ngati kugula ng'ombe ya ngolo ulibe podyetsera. Ndipo zakale zimene zimakhala pamiyala m'mabwalo a maofesi mpaka udzu kumera pansi pake, bwanji osazigulitsa zisanathe dzimbiri? Lamulo loyang'anira kagulidwe ka katundu wa boma limanenanso za kagulitsidwe ka katundu wotha ntchito. Njira ilipo, ndipo kandalama kake kangagule matayala.

Mayi wina wogulitsa anyezi, amene anali chete nthawi yonseyi, anangoti iwo za mtundu wa galimoto alibe nazo ntchito, bola mulu uchoke mvula yeniyeni isanayambe. Anakumbutsa za kolera ya 2022 ndi 2023, imene inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Palibe anawayankha.

Chamadzulo kunabwera amalume ochokera ku Bembeke, amene ndimaoda kachewere kwa iwo. Anaima pamulu wotsala n'kumautakasa ndi ndodo.

"Mphwanga, chuma chonsechi mukukataya kudzala?"

Iwo akuti feteleza mmene wakwereramu, masamba amenewa akanawatenga okha pa ngolo kukapanga manyowa, osalipiritsa munthu. Chowaletsa ndi majumbo ndi magalasi osweka, zomwe sangaziike m'munda mwawo. Ndinawatengera kwa wapampando wa komiti kuti akanene okha. Zowola zitamachoka ndi alimi, thirakitala ingamatsale ndi katundu wochepa, dizilo n'kumakwanira.

Wapampando anavomera kuti kuyambira Lolemba tiyese milu iwiri, wa zowola ndi wa mapulasitiki, komanso kuti alembera akhansala kalata ya nkhani ya mathirela. Kalatayo anaipereka kwa ine kuti ndiilembe, poti akuti ndimakonda zolembalemba. Chomwe sitinagwirizane ndi woti aziyang'anira miluyo. A ziwaya akuti ndi ntchito ya a masamba, a masamba akuti makoko ambiri ndi a ziwaya. Ndinawasiya akukanganabe, ine n'kukatsegula matumba, popeza tsiku lonse ndinali nditagulitsa ndowa imodzi yokha ndipo amalume amadikira ndalama yawo.