Magiya akamakana kulowa musathamangire kutsitsa giyabokosi

Hilux yanga ndi ya 1994, ija ya injini ya 2.8 ya dizilo, anandisiyira ndi malume ndipo ndi imene imatinyamulira chimanga, simenti, ngakhale odwala kumudzi usiku. Mwezi watha inayamba kuvuta magiya. M'mawa ndikailiza, kuponda kilachi mpaka pansi, wani amakana kulowa, rivesi ndiye kumangomveka khrrr mpaka mtima kuwawa. Makaniko woyamba amene ndinamuonetsa sanatsegule ndi boneti yomwe, anangoti bwana giyabokosi yatha iyi titsitse. Ine zinandikayikitsa, kutsitsa giyabokosi ya 4x4 si masewera, ndi ndalama zambiri komanso galimoto ikhala pa galaja masiku angapo.

Nditafika kunyumba ndinazimitsa injini n'kuyesa magiya onse, analowa bwinobwino onse faifi ndi rivesi yemwe. Kuilizanso, ayambanso kukana. Apa mpamene pagona nkhani, magiya akamalowa injini ili chete koma n'kumakana ikamalira, nthawi zambiri vuto silili mu giyabokosi, ndi kilachi imene sikulekanitsa injini ndi magiya mokwanira, ndiye mkatimo zitsulo zikungozungulirabe iwe utaponda. Rivesi amayamba kudandaula ndi iyeyo chifukwa pa galimoto zakalezi alibe synchro yomuthandiza, kamphete kamene kamafananitsa liwiro la magiya kuti alowe osakukuta.

Kenako ndinapopa pedulo kasanu mofulumira, wani analowa ngati palibe chavuta. Chinanso, ndili mu wani nditaponda kilachi pansi osasiya, patangopita kanthawi galimoto inayamba kukwawa yokha pang'onopang'ono phazi lili pomwepo. Apo ndiye kuti mafuta a kilachi akuzemba pa malabala a mkati mwa master cylinder, kapampu kamene pedulo ya kilachi imakankha, mphamvu yokankha ikuthawa.

Kabotolo ka mafuta a kilachi ndi kakang'ono, kali pafupi ndi ka mabuleki mbali ya dalaivala, anthu ambiri sitikayang'ana nkomwe. Kanga kanali katatsala pang'ono kuuma, ndipo otsalawo akuda bii ngati tiyi wopanda mkaka. Ndinagwada ndi tochi ya pafoni kusuzumira kuseri kwa pedulo, kachitsulo kamene kamalowa mu master kanali konyowa, kapeti atanona, penti pansi pake atamatuka poti mafuta a mabuleki amadya penti. Nchifukwa chake pabwalo sindinkaona dontho lililonse, amathera mkati momwemo. Ndinalowanso pansi pa galimoto kukaona slave cylinder pambali pa giyabokosi, kamene kamalandira mafuta ochokera ku master n'kukankha kilachi, kufunyulula kalabala kake, mouma gwa.

Ndinkafuna kungogula kiti ya malabala poti ndi yotchipa, koma titamasula master tinapeza mkati muli mizere yokandika, labala watsopano sakanakhalitsa, ndiye ndinagula yathunthu. Pochotsa mphepo mu paipi ya mafuta a kilachi tinali awiri ndi alamu anga, iwo mkati kupopa n'kugwira pansi, ine pansi ndi sipanala kutsegula kanipo ka pa slave, thovu kutuluka, kutseka kaye ndiye iwo asiye pedulo. Akasiya usanatseke mphepo imabwereranso, komanso kabotolo kasaume apo ayi muyambiranso. Mafuta ake ndi DOT 3 omwe a mabulekiwo, chonde musathiremo oyilo wa injini ngakhale mutasowa bwanji panjira, amatupitsa malabala onse n'kuwononga ndi slave yomwe. Pedulo tinaisiyira kampata kosewera ka pakati pa 5 ndi 15 mm isanayambe kukankha.

Kilachi yotha pleti imaoneka mosiyana, magiya amalowa koma pa chitunda injini imangokuwa galimoto osathamanga, ndi kafungo kopserera. Yanga inalibe zimenezo, Loweruka ndakwera nayo Dedza itanyamula matumba 12 osaterereka.

Chatsala ndi giya thuu, ndikasintha mofulumira amakukutabe pang'ono, amenewo ndiye a synchro ndithu ndipo ndikuona kuti masabata awiri amene ndinkakakamiza magiya aja anawonjezera kudyeka. Mu giyabokosi ndathiramo oyilo watsopano wa 75W-90, ndipo ndikumalowetsa thuu modekha.