Kutchera mankhwala a mumpweya ndi siponji ku Mzuzu

Chipangizo chomwe ndimatchera nacho mankhwala oopsa a mumpweya kuti akayezedwe n'chosavuta: mbale ziwiri zachitsulo zovindikirana, yaikulu pamwamba, ndipo mkati muli siponji yozungulira ya polyurethane, masentimita 14 m'mimba mwake. Chilibe pampu, sichifuna magetsi, ndiye ngakhale athime ntchito siima. Mphepo imalowera pampata wa mbalezo, siponji n'kumayamwa pang'onopang'ono mankhwala osawola msanga monga DDT, dieldrin ndi PCB ya m'mathiransifoma akale, omwe Pangano la Stockholm la 2001 likulimbana nawo.

Ndimayamba ndi kusaka malo: poyera podutsa mphepo, pamtunda wa mamita pafupifupi 2, kutali ndi khitchini ndi dzala. Ku Chibavi nyumba n'zothithikana, choncho ndimayendako kaye madzulo kuona komwe utsi wa zinyalala ukulowera. Mukapachika pafupi ndi dzala lomwe amawotcherapo majumbo, mwayeza dzalalo, osati mzinda.

Pagona nkhani ndi pa manja. Siponji imachoka ku labotale itatsukidwa kale, itakulungidwa mu foyilo. Ndimavala magolovesi atsopano, kuitola ndi chopanira chachitsulo, ndipo tsikulo sindidzola mafuta kapena kuyandikira mankhwala opopera udzudzu. Siponji yachiwiri ndimangoifunyulula kamphindi pamalopo n'kuikulunganso. Anthu amaiona ngati yowonongeka chabe, koma ndi imene imaulula zomwe zalowa chifukwa cha manja athu ndi ulendo.

Ndikalemba tsiku ndi nthawi, ndimapempha alonda: "Bambo, chonde ana asamagende mbalezi." Kenako kudikira miyezi 3. Mvula yamawawa ya mu Juni sindidandaula nayo, mbale yapamwamba imatchinga. Chomwe ndimasunga ndi kaundula wa kutentha ndi kuzizira, poti kayamwidwe ka siponji kamatsata nyengo.

Pochotsa, foyilo yatsopano, jumbo lotseka bwino, mubokosi la ayezi, kenako mufiriji youmitsa mpaka tsiku lotumiza. A ku labotale amapima ndi makina a GC-MS, omwe amalekanitsa mankhwala n'kuzindikira mtundu ndi kuchuluka kwake, n'kuwerengetsa kuti siponji imalandira mpweya wa makyubiki mita pafupifupi 4 patsiku, kutanthauza 360 pa masiku 90.

Musayembekezere kuti ikuuzani tsiku lomwe utsi unachuluka. Imapereka chiwerengero chimodzi cha nyengo yonseyo. Koma siponji yomweyi ndi imene mapulogalamu oyeza mankhwalawa mumpweya m'maiko osiyanasiyana, a GAPS a ku Canada ndi a MONET a ku Brno m'dziko la Czech Republic, amagwiritsa ntchito, ndiye zotsatira za ku Mzuzu zingathe kuyerekezedwa ndi za mizinda ina.